Magalimoto pa kampasi: mmene mungakhwimitsire malamulo osasandutsa mlonda mdani wa aliyense

Makoleji athu ambiri anamangidwa nthawi imene galimoto inali ya anthu owerengeka. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo amene ankajambula timisewu ta mkatimo sakanalota kuti tsiku lina mwana wa sukulu naye azidzabwera mkalasi pa Vitz kapena Sienta. Lero magalimoto ochokera ku Japan odzera pa doko la Dar es Salaam ali mbwee, malekichala ali nawo, a mu ofesi ali nawo, ophunzira a weekend aja ogwira ntchito kale nawonso amabwera ndi awo, kuwonjezera apo njinga zamoto za kabaza, malole obweretsa ufa ndi nkhuni ku kafeteriya, ma taxi odzasiya ana ku hositelo, koma malo ndi omwe aja. Kaya ndi ku Zomba, kaya ku MUBAS m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, kaya ku Bunda, kaya ku Mzuni, kaya ndi kakoleji kakang'ono ka pulayiveti, magalimoto akuchuluka mwachangu kuposa malo oimikapo.

Ndikulankhula ndi inu amene mwapatsidwa udindo woti mukonze zimenezi, kaya ndinu mkulu wa alonda, kaya muli mu ofesi ya a Registrar, kaya ndinu a bungwe la ophunzira amene mwatopa kuona anzanu akudumphira mu ngalande pothawa galimoto. Mlonda wa pa geti sangakwanitse kukhwimitsa lamulo limene silinalembedwe, limene silikuoneka ndi maso pansi kapena pa chikwangwani, komanso limene limagwira ana a sukulu okhaokha n'kumalambalala mabwana. Chimodzi mwa zitatuzi chikachitika basi ntchito yonse imathera mikangano ya pa geti, ndipo amene amatukwanidwa ndi munthu amene amalandira ndalama zochepa kuposa wina aliyense pa kampasipo.

Yambani ndi kuyenda wapansi, kope m'manja

Musanagule penti olo chitini chimodzi, tengani sabata imodzi ya pakati pa semesita, osati ya mayeso osatinso ya holide, muziyenda kampasi yonse m'mawa cha m'ma 8 koloko, masana cha m'ma 1, ndi madzulo cha m'ma 5. Loweruka musalisiye chifukwa ndi tsiku limene a weekend amadzadza. Werengani magalimoto pamalo aliwonse, lembani kuti aima pati, angati ali pa kapinga, angati atseka khomo, njinga zamoto zikudikirira pati. Nthawi zambiri mudzapeza kuti malo sikuti akusoweratu ayi, koma aliyense akulimbirana khomo lomwelomwelo ndi mtengo womwewo wa mthunzi, pamene kuseri kwa holo kuli bwalo lopanda kanthu, mtunda woyenda mphindi zochepa chabe.

Yang'ananinso pamene kapinga anafa n'kusanduka kanjira. Pamenepo ndi pamene anthu amadutsa zenizeni, ndipo zebra mudzaike pamenepo osati pamene mapu akunena. Funsani alonda a usiku, funsani amayi osesa, ndipo makamaka funsani ophunzira aulumali, oyenda pa njinga ya olumala ndi osaona, chifukwa galimoto imodzi yoimikidwa potsetsereka polowera mkalasi kwa inu ndi kanthu kakang'ono kolambalala koma kwa iwo ndiye kuti kalasi ya tsikulo yawaphonya.

Lembani malamulo, afupi, ndipo asainidwe kumtunda

Malamulo akwane pa tsamba limodzi kapena awiri. Anene kuti ndani akuloledwa kulowa ndi galimoto, aime pati, liwiro ndi lotani, pati posaloledwa kuima ngakhale kwa mphindi imodzi, chilango ndi chotani, ndipo amene sakukhutira akadandaule kwa ndani. Lembani m'Chingerezi ndi m'Chichewa, kumpoto muwonjezere Chitumbuka, chifukwa dalaivala wa lole ya nkhuni ndi wa kabaza nawonso ayenera kuwamva.

Apa pali chinthu chofunika kuchimvetsa bwinobwino. Mphamvu za koleji pa nkhaniyi zimachokera poti malowo ndi ake, komanso poti ophunzira ndi ogwira ntchito anavomera kutsatira malamulo ake pomwe ankalowa. Mlonda si wapolisi. Asalande laisensi ya munthu, asazule makiyi mu galimoto, asaphwetse tayala, asachotse nambala. Kulipiritsa munthu chifukwa choti alibe laisensi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) kapena inshuwalansi ndi ntchito ya apolisi a trafiki ndi a Road Traffic, pansi pa lamulo la Road Traffic Act, osati ya mlonda. Nde pepala lanulo lipite kaye kwa loya wa koleji alione, kenako livomerezedwe ndi akuluakulu a koleji, ndipo lilowe mu buku la malamulo a ophunzira ndi la ogwira ntchito. Lamulo longonenedwa pakamwa pa miting'i limafa tsiku limene wina wafunsa kuti "zinalembedwa pati?"

Itanani a bungwe la ophunzira ndi oimira ogwira ntchito pepalalo lisanasainidwe, osati mutamaliza. Adzakangana nanu, ndi bwino akangane mu ofesi kusiyana ndi pa geti.

Mitengo ya faindi musailembe mkati mwa malamulowo, ikhale pa pepala lapadera loti muziliwunikanso chaka ndi chaka. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, ndiye faindi imene inali yoluma ikhoza kusanduka ya masewera mwadzidzidzi, ndipo simufuna kuitanitsa khonsolo yonse ya koleji pongofuna kusintha nambala imodzi.

Penti ndi zikwangwani

Munthu sungamulange chifukwa chodumpha mzere umene palibe. Malo a galimoto imodzi akhale mamita 2.5 mulifupi ndi mamita 5 mulitali, ndipo ngati magalimoto akuima mopingasa, kanjira kapakati kakhale mamita 6 kuti munthu athe kubwerera mmbuyo osagunda mnzake. Mukawerengera ndi kanjirako galimoto imodzi imadya pafupifupi masikweya mita 25, nde magalimoto 100 akufunika malo a masikweya mita 2,500. Nambala imeneyi ikuthandizani wina akamanena kuti "ingowonjezerani malo", mumuonetse kuti malowo ndi aakulu bwanji komanso ndi mitengo ingati imene ingagwe.

Malo a anthu aulumali akhale otakasuka kuposa enawa, cha m'ma mamita 3.6, kuti chitseko chitseguke chonse ndipo njinga ya olumala iime pambali, akhale pafupi ndi khomo, pamalo osalala, osati pa miyala kapena potsetsereka. Njira ya ambulasi ndi ya galimoto yozimitsa moto, makamaka yopita ku mahositelo, ku kiliniki ndi ku malabu, muisiyire mamita osachepera 4 opanda chotchinga ndipo muipake mzere wachikasu. Pamenepa ndi pamene sindinyengerera munthu, chifukwa moto ukabuka ku hositelo usiku palibe nthawi yoyendayenda kufunsa kuti mwini Probox iyi ndi ndani.

Gulani penti wa pamsewu weniweni, wa pakhoma amachoka ndi mvula yoyamba. Pamene pali dothi kapena miyala penti sagwira, gwiritsani ntchito njerwa zopaka laimu, matayala akale okwiriridwa theka kapena timizati ta simenti. Timizati ndi tabwino kwambiri poteteza kapinga ndi tinjira ta oyenda pansi chifukwa tikangoikidwa simufunikanso mlonda pamenepo. Zikwangwani zikhale zochepa koma zazikulu, chimodzi chachikulu pa geti lililonse chonena liwiro ndi kuti aliyense wolowa wavomera malamulo a koleji, zinazo pamalo pomwe lamulolo likugwira ntchito.

Masitika ndi pa geti

Aliyense wobwera ndi galimoto tsiku ndi tsiku alembetse alandire sitika yomata pa galasi lakutsogolo, yokhala ndi nambala yake komanso chaka. Mitundu isachuluke, wina wa ogwira ntchito, wina wa ophunzira, wina wa obweretsa katundu, basi. Polembetsa lembani dzina, nambala ya galimoto, nambala ya foni ndi dipatimenti kapena kozi, ndipo apa koleji ili ndi ufulu wopempha kuona laisensi ndi inshuwalansi isanapereke sitika, poti kulowetsa galimoto ndi mwayi umene ikupereka pa malo ake. Nambala ya foni ndi imene idzakupulumutseni kwambiri, mavuto ambiri amatha ndi kungoimba kuti "bwana mwatsekera anzanu, tabwerani musunthe". Koma nambalayo ikhale mu buku la ku ofesi ya alonda, isalembedwe pa sitika poti aliyense aziiwerenga, ndipo mlonda wopezeka akugwiritsa ntchito manambalawo poimbira ana a sukulu aakazi nkhani zake alangidwe mosanyengerera.

Alendo alandire khadi pa geti, alembedwe mu buku, abweze khadilo potuluka. Chenjerani ndi mzere wa pa geti m'mawa, makamaka ngati geti lili pafupi ndi msewu waukulu, chifukwa mukamalemba galimoto iliyonse mzere umatulukira mu msewu n'kuyambitsa ngozi ina imene simunaiganizire. A sitika azingodutsa, alendo azipatukira pambali kukalembedwa. Malole a katundu apatseni nthawi yawoyawo, m'mamawa makalasi asanayambe kapena madzulo, osati nthawi imene ana akusintha makalasi.

Liwiro

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti pamene magalimoto akusakanikirana ndi anthu oyenda pansi liwiro lisapyole makilomita 30 pa ola. Pa kampasi ine ndimati 20, chifukwa ophunzira amayenda chigulu, maso pa foni, mahedifoni m'makutu, ena akuthamangira mayeso. Galimoto yoyenda pa 20 imadutsa mamita pafupifupi 5 ndi theka pa sekondi imodzi, ya pa 40 imadutsa mamita 11, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woti galimoto iime mutaponda buleki umawirikiza kanayi. Nde kusiyana kwa 20 ndi 40 pakhomo pa laibulale ndi kusiyana kwa kudzidzimuka chabe ndi maliro.

Mlonda alibe makina oyezera liwiro, ndipo kukangana ndi dalaivala kuti "mumathamanga" "ayi sindimathamanga" sikutha. Msewu womwewo ndi umene uzichepetsa liwiro. Ikani mahampu musanafike pa zebra, pa khomo la hositelo ndi potsetsereka, koma akhale omangidwa bwino, okwera masentimita osapyola 10 ndi otambalala mamita atatu kapena kuposa pang'ono, osati kakhoma kakuthwa kaja kamene kamakhula Mira pamimba mpaka anthu kuyamba kulambalala pa kapinga. Apakeni mizere yoyera aoneke usiku. M'mbali siyani kampata kakang'ono kodutsa madzi a mvula, kakakula njinga zamoto zizidutsa pomwepo osachepetsa n'komwe. Pafupi ndi zebra pasaime galimoto, chifukwa mwana wotulukira kuseri kwa galimoto yoima dalaivala amamuona atafika kale.

Usiku magetsi akazima kampasi imada bii, ndiye pa zebra ndi pa geti yesetsani kuika magetsi a sola, ndipo mlonda aliyense woima pa msewu avale jekete lowala ndi tochi m'manja.

A kabaza

Kungowaletsa sikuthandiza, ophunzira ambiri amakhala kunja kwa kampasi ndipo amadalira iwowa, mukawathamangitsa pa geti amakaima pakona pamene ndi poopsa kwambiri. Apatseni siteji yawo pafupi ndi geti, kumbali kosatseka njira, kambiranani ndi tcheyamani wawo, alembetseni maina ndi manambala a njinga. Gwirizanani kuti amene akufuna kulowa mkati akhale ndi helemeti yake ndi ya pasenja, anyamule munthu mmodzi, ayende mu msewu osati mu tinjira ta anthu kapena m'makonde a makalasi. Wophwanya aletsedwe kulowa kwa masiku angapo ndipo tcheyamani auzidwe. Anyamatawa amalangana okha bwino kwambiri akadziwa kuti mmodzi akhoza kuwatayitsa siteji onse.

Mwezi woyamba ndi wa chenjezo

Zonse zikakonzeka lengezani pa bolodi, m'magulu a WhatsApp a makalasi ndi a sitafu, ndi pa oriyenteshoni ya a chaka choyamba. Nenani tsiku lenileni limene faindi idzayambe. Mwezi woyamba alonda azingoika kapepala ka chenjezo pa galasi ndi kulemba mu buku, osalipiritsa. Mwezi umenewu ukuonetsaninso pamene inuyo simunakonze bwino, mukaona anthu ambiri akulakwitsa pamalo amodzi ndiye kuti chikwangwani sichikuoneka kapena malowo anagawidwa molakwika.

Mlonda akapeza galimoto yolakwa achite chiyani

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo muwaphunzitse alonda mochita kuyeserera, wina akhale dalaivala wokwiya wina mlonda, mpaka zilowe.

Ngati dalaivala ali mkati kapena ali pafupi, ayambe ndi moni, kenako anene lamulo, kenako aloze kumene kuli malo. "Mwadzuka bwanji bwana. Pepani, pano ndi njira ya ambulasi, onani mzere wachikasuwu. Malo alipo kuseri kwa laibulale, mukhotere kumanzere." Kwa wophunzira ulemu ndi womwewo, "achimwene", "achemwali", osati "iwe". Anthu ambiri akauzidwa kumene angaime amasuntha popanda vuto, chimene chimawakwiyitsa ndi kuuzidwa kuti "chokani" osauzidwa kuti apite kuti. Munthu akasuntha nkhani yathera pompo, palibe tikiti.

Ngati mwini wake palibe, mlonda ajambule zithunzi ziwiri pa foni, china choonetsa nambala ya galimoto, china chotalikirako choonetsa galimotoyo pamodzi ndi mzere kapena chikwangwani chimene yaphwanya. Chachiwirichi ndi chimene chimathetsa mikangano, chifukwa mawa munthu adzati "ine ndinaima bwinobwino". Kenako alembe tikiti mu buku la makaboni lokhala ndi manambala otsatizana: tsiku, nthawi, malo, nambala ya galimoto, cholakwa, dzina la mlonda. Pepala lapamwamba aliike pansi pa waipa, lachiwiri lipite ku ofesi tsiku lomwelo, lachitatu litsale m'buku. Tikiti ikalembedwa molakwika isang'ambidwe, ilembedwe mzere pakati n'kusiyidwa momwemo, kuti mkulu wa alonda akamawerenga manambala pasapezeke yosowa. Nyengo ya mvula kapepalako kazilowa mu kajumbo kakang'ono, apo ayi mwini galimoto adzapeza phala.

Dalaivala akayamba kukalipa, mlonda asabweze mawu, asaime kutsogolo kwa galimoto, asagwire chitseko. Alembe nambala, aimbire mkulu wake, basi. Palibe malo oimika galimoto amene ndi ofunika kuposa miyendo ya mlonda. Ndipo kutukwana kapena kuopseza mlonda kukhale mlandu pawokha m'malamulo muja, wopita ku komiti ya mwambo ngati ndi wophunzira, kapena ku ofesi yoona za ogwira ntchito ngati ndi sitafu.

Chilango chizikwera pang'onopang'ono, koyamba chenjezo, kachiwiri faindi, kachitatu faindi yokwerako, akapitiriza sitika ilandidwe kwa semesita galimoto izitsala kunja kwa geti. Kulanda sitika kumaluma kuposa ndalama, makamaka kwa amene faindi saimva. Koma kutseka njira ya ambulasi ndi kuima pa malo a aulumali zisakhale ndi chenjezo, faindi pompopompo.

Ndalama isadutse m'manja mwa mlonda

Olo tambala. Faindi ilipiridwe ku akaunti ofesi, ku banki, kapena pa nambala ya koleji ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo munthu alandire lisiti. Lembani pa tikiti pomwepo ndi pa chikwangwani cha pa geti kuti mlonda saloledwa kulandira ndalama. Izi sikuti tikuwaganizira zoipa alonda, tikuwateteza, chifukwa munthu wa malipiro ochepa amene mwina mwezi watha sanalandire, wina akamuonetsa ya fanta kuti aiwale tikiti, mwamuika pa mayesero amene inuyo mukanatha kuwachotsa. Musawapatsenso alonda chiwerengero cha matikiti oti alembe pa sabata kapena gawo la ndalama za faindi, mukatero ayamba kusaka anthu mmalo mowathandiza kuima bwino. Ngati alonda anu ndi a kampani yolembedwa ganyu, zonsezi zilowe mu kontilakiti, ndipo muzifunsa ngati akulipidwa pa nthawi yake.

Ndalama za faindi zibwerere ku penti, zikwangwani ndi magetsi, ndipo kumapeto kwa chaka muzilengeza kuti zinalowa zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Mphekesera yoti "akungotidyera" imatha anthu akaona mahampu atsopano.

"Ukudziwa kuti ndine ndani?"

Tsiku lidzafika, mwina sabata yoyamba yomwe, limene galimoto yotseka njira idzakhala ya pulofesa, ya dean wa fakote, kapena ya mlendo wolemekezeka. Ana a sukulu adzakhala akuonerera, alonda ena adzakhala akumvetsera kuti zitha bwanji. Tikiti imeneyo ikafafanizidwa ndi foni imodzi yochokera kumtunda, dziwani kuti malamulo anu athera pomwepo, palibenso mlonda amene adzalimbe mtima ndipo palibe wophunzira amene adzalipire ndi mtima umodzi. Choipitsitsa ndi kumusamutsa mlondayo kapena kumuchotsa ntchito chifukwa chochita zimene munamutuma.

Nde konzekeranitu. Musanayambe n'komwe pemphani mkulu wa koleji alembe kalata yosainidwa ndi dzanja lake yonena kuti malamulowa akukhudza aliyense kuyambira iye mwini, ndipo kope lake likhale m'kanyumba ka pa geti. Ngati pali maudindo ofunika malo awoawo, alembedwe poyera pa chikwangwani ndipo akhale ochepa kwambiri. Madalaivala a magalimoto a koleji muwaitanire miting'i yawoyawo chifukwa nthawi zambiri amadziona ngati eni msewu. Bwana akakana tikiti mlonda asalimbane naye, nkhaniyo ikwere kwa mkulu wa alonda, ikakanika ipite kwa a Registrar, azikambirana okhaokha olingana mphamvu.

Podandaulira

Alonda nawonso amalakwitsa, pena chikwangwani chinagwa ndi mphepo, pena munthu anathamangira ndi wodwala ku kiliniki. Perekani masiku 7 kapena 14 oti munthu alembe dandaulo, ndipo limvedwe ndi kakomiti ka anthu atatu, wa ku ofesi, woimira sitafu ndi woimira ophunzira, osati mkulu wa alonda yekha poti iye ndi mbali ya nkhaniyo. Aone zithunzi, ayankhe molemba. Musagwire zotsatira za mayeso kapena satifiketi ya mwana chifukwa cha faindi ya galimoto pokhapokha ngati zinalembedwa momveka m'malamulo ndipo loya anavomereza, ndipo ngakhale zitatero ine ndimaona kuti ndi chilango chopyola mlandu, kulanda sitika n'kokwanira.

Chitsulo chokhomera tayala

Ambiri amathamangira kugula chitsulo chimenechi, chimene chimagwira tayala kuti galimoto isayende, poganiza kuti ndiye mankhwala. Chisiyeni chikhale chomaliza, cha anthu obwerezabwereza ndi magalimoto osadziwika mwini wake, ndipo loya anene kaye kuti malamulo anu akukulolani. Galimoto yotseka njira ya ambulasi musaikhome, chifukwa mukatero ndiye mwaitsekeratu njirayo, imeneyo imbani foni mwini wake abwere msanga. Pokhoma jambulani tayala ndi limu musanayambe, matani chidziwitso pa galasi la dalaivala kuti asalize galimoto, ndipo pakhale munthu wokhala ndi kiyi nthawi iliyonse, usiku womwe, kuti mayi wotuluka mkalasi 8 koloko usiku asasowe mtengo wogwira.

Ngozi ikachitika

Wovulala ndiye woyamba, athamangitsidwe ku kiliniki kapena ku chipatala, kenako imbirani apolisi. Ngozi imene munthu wavulala si yokambirana mu ofesi ya alonda kuti zithere pomwepo. Jambulani malowo magalimoto asanasunthidwe ngati n'kotheka, lembani maina a mboni, ndipo manambala a apolisi, a ambulasi ndi a ozimitsa moto akhale omatidwa pa geti lililonse. Dalaivala amene akuoneka kuti waledzera, makamaka usiku wa zisangalalo za ophunzira, mlonda amupemphe asiye galimoto akatenge mawa, akakana aitane mkulu wake ndi apolisi.

Masiku a chikhamu

Tsiku la graduweshoni, tsiku lotsegulira sukulu makolo akubweretsa masutikesi ndi matilesi, ukwati kapena msonkhano mu holo, malamulo a masiku onse sakwanira. Pa graduweshoni wophunzira mmodzi amabwera ndi minibasi yodzadza abale ochokera kumudzi. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndiye khalani pansi kukadali milungu iwiri, pezani bwalo la mpira kapena malo ena apafupi, lembani mizere ndi laimu, konzani kuti polowera pakhale pena potulukira pena, pemphani apolisi a trafiki adzathandize pa msewu waukulu, ndipo siyani malo otsitsira agogo ndi aulumali pafupi ndi khomo. Ngati mwambowo ukubwera nthawi ya mvula yang'anani kaye ngati bwalolo silititimira. Obwereka holo auzidwe mu mgwirizano kuti magalimoto a alendo awo ali pansi pa malamulo omwewa ndipo abweretse anthu awo othandiza kulozera.

Semesita ikatha tsegulani buku lija

Werengani kuti matikiti ambiri anachokera pati, nthawi yanji, kwa gulu liti. Ngati onse ndi a ophunzira ndi a kabaza ndipo palibe olo imodzi ya sitafu, funsani alonda mwakachetechete kuti chikuwaopsa n'chiyani. Ngati malo amodzi akubala matikiti tsiku ndi tsiku, pitani mukaimepo nokha m'mawa muone, mwina pakungofunika malo otsitsirapo anthu a mphindi 5, mwina timizati tiwiri. Alonda atsopano aphunzitsidwe asanaime pa geti chifukwa makampani amawasinthasintha, ndipo a chaka choyamba auzidwe malamulowa chaka chilichonse. Mu bajeti ikanimo ndalama yopakanso mizere mvula ikangotha, cha mu May, pamodzi ndi yosindikiza masitika a chaka chatsopano ndi mabuku ena a matikiti akalewo asanathe.